Kaseti ya Memuna

Sallay Fofanah anadzimva yekha pa wailesi tsiku lina masana, ali mu saluni yake ku Peckham, mumzinda wa London, zala zili m'tsitsi la kasitomala. Nyimboyo inayamba mofatsa ndi mavayolini, kenako kunalowa ng'oma zakwawo ku Makeni, ku Sierra Leone, malipenga ndi kwaya ya amayi, zinthu zoti sungaganize kuti zingakhalire pamodzi. Ndiye pakati pa zonsezo panatulukira mawu a mzimayi wolusa: "Usadzapondenso pakhomo panga! Wamva? Usadzapondenso!"

Zala zake zinauma. Mawuwo anali ake.

"Iii, amake Yeabu," anatero kasitomala uja akumuyang'ana pagalasi, "si inu amenewa?"

Sallay anangokoka tsitsi lija mpaka mayiyo anakuwa.

Woimbayo anali Sorie, mwana wa malemu mng'ono wake Memuna. Memuna anamwalira atangofika kumene ku London, mwanayo asanayambe n'komwe sukulu. Sallay ndiye anamutenga n'kumulera limodzi ndi mwana wake Yeabu m'kanyumba kawo ka m'mwamba. Anamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato, anamuchezera akudwala chifuwa, ndipo aphunzitsi akaitana makolo, iye ndi amene ankatseka saluni n'kukamva zonyozazo.

Mawu a m'nyimbo aja anali uthenga umene Sallay anausiya pafoni ya Sorie kalekale, mnyamatayo atangoyamba kuyenda ndi anyamata a m'makona. Tsiku limenelo Sallay anapeza mpeni m'chikwama cha sukulu cha Yeabu. Sorie ndiye anaubisamo, poti apolisi sakonda kusecha atsikana. Sallay anasintha loko wa chitseko, ndipo Sorie anagona pamasitepe m'nyengo yozizira. Zimenezo n'zoona. Koma n'zoonanso kuti sabata isanathe, Sallay yemweyo anayenda m'misewu kumufunafuna mpaka anabwera naye kunyumba.

M'nyimbomo munali masitepe, munali kuzizira, munali mwana wamasiye akugogoda pachitseko. Za mpeni munalibemo. Za kumufunafuna munalibemonso.

Chimbale chimene munali nyimboyo chinatchuka mosaneneka. Anyuzipepala ankati sanamvepo rapu yotere, kuti mnyamata wa ku Peckham waphika nyimbo za kutchalitchi, za kumudzi ndi za azungu mu mphika umodzi n'kukoma. Anamupatsa mphoto, ndipo Sallay anamuona pa kanema atavala suti yoyera, akuthokoza aliyense amene anamutsekerapo chitseko. Anthu m'holomo anaseka n'kuwomba m'manja.

Ku Peckham kunalibe amene sanazindikire mawuwo. Ana asukulu akamuona akukwera basi, wina ankayamba ndi mawu aang'ono, "Usadzapondenso!" enawo n'kuvomera ngati kwaya. Makasitomala ena anasamukira ku saluni ya tsidya lina la msewu. Ku bungwe la amayi a ku Sierra Leone, komwe Sallay ankatsogolera zophika pa maukwati kwa zaka zambiri, wapampando anamuitanira pambali.

"Achemwali, bwanji mupumuleko kaye? Anthu akulankhula."

"Akuti chiyani?"

"Aaa, mukudziwa kale. Akuti mwana wa mng'ono wanu weniweni, kumugoneka panja ngati galu."

Sallay anavula epuloni n'kuipinda bwinobwino. Anayesa kumuimbira foni Sorie, koma anayankha mtsikana wina waulemu amene anati abwana ali pa msonkhano. Sorie sanabweze foniyo. Kuyambira pamenepo Sallay anasiya kulankhula za nkhaniyo. Ankangogwira ntchito, kudya, kugona, koma mumtima munkawira. Chimene chinkamuwawa koposa n'chakuti nyimboyo inali yokoma. Tsiku lina akutsuka mbale anadzipeza akuing'ung'udza, ndipo anaswa kapu.

Patapita miyezi, Yeabu anabwera ndi nkhani, akuzungulirazungulira ngati munthu woti wapalamula.

"Amayi, ndinakumana ndi Sorie."

"Ali moyo eti?"

"Musatero. Akukonza phwando lalikulu la zoimba, ndi gulu lonse la mavayolini lija. Ndiye ndinangomuuza za kaseti ija."

Kaseti imeneyo inali m'sutikesi pansi pa bedi. Anaijambula pa ukwati wina ku Makeni, Memuna akadali mtsikana, akuimba ndi gulu la m'tauniyo. Padziko lonse lapansi mawu a Memuna anatsala mmenemo mokha. Yeabu ankapempha kawirikawiri kuti aikopere pafoni, koma Sallay ankakana, poopa kuti makina angaidye.

"Akuti sakumbukira n'komwe mawu a mayi ake," anapitiriza Yeabu. "Akufuna kuti anthu adzawamve pa phwandolo. Amayi, analira."

Sallay anamwetulira, kumwetulira kumene Yeabu anali asanakuone chiyambire nyimbo ija.

"Umuuze abwere Lamlungu masana. Ndimuphikira chigwada."

Sorie anafika pa galimoto yakuda, ndi mnyamata wonyamula kamera pambuyo pake. Sallay anaima pakhomo.

"Uyu atsale panja. Nyumba yanga yatchuka mokwanira."

Sorie analowa yekha, atanyamula maluwa. Anali atanenepa, ndevu zometedwa bwino, koma anakhala pa mpando wake wakale pafupi ndi zenera, n'kupinda miyendo monga ankachitira ali mwana.

"Muli bwanji, Amayi?"

"Ndili bwino, abwana. Kaya inu?"

"Aaa, Amayi, mwayamba kundinena."

"Idya, chakudya chizizira."

Anadya mpunga ndi chigwada cha mafuta ofiira mpaka thukuta, akuyamikira kuti ku mahotela onse amene wapita sanapezeko chotere. Yeabu ankaseka, akuganiza kuti zinthu zatheka. Sallay anali pa chitofu akukazinga nthochi, chiwaya chodzaza mafuta. Atamaliza anachepetsa moto koma sanazimitse. Anapukuta m'manja, n'kukatenga wailesi yakale yoimba makaseti ndi kasetiyo, n'kuziika pa tebulo.

Poyamba kunamveka phokoso la anthu a pa ukwati ndi gitala wosachunidwa bwino. Kenako Memuna anayamba kuimba. Mawu ake anali opepuka, oseka, ngati munthu amene sakudziwa kuti kunja kuno kuli imfa. Sorie anaika supuni pansi. Misozi inayamba kutsikira m'ndevu.

"Ndi iwowa?" ananong'ona. "Ndi amayi anga amenewa?"

Sallay anamusiya amve mpaka pamene nyimbo inafika pokoma penipeni. Pamenepo anadina batani, m'nyumba n'kukhala zii.

"Amayi, chonde, ipitirire."

"Ndikufunse kaye. M'nyimbo yako ija, mpeni uli pati?"

Sorie anayang'ana Yeabu, kenako pansi.

"Ndikufunsa iwe. Mpeni umene unaika m'chikwama cha mlongo wako. Mavayolini onse aja, malipenga onse aja, malo a kampeni kamodzi anasowa?"

"Amayi, ijatu ndi nyimbo. Ndinaimba mmene ndinamvera ine usiku umenewo. Ndinali mwana."

"Nanga mawu anga? Unandipempha?"

"Mukanakana."

"Eya, ndikanakana. Ndiye unangotenga." Sallay anatulutsa kaseti mu wailesi. "Ana a m'basi amandiimba, Sorie. Ine, mzimayi wa imvi. Ndinakusambitsa, ndinakupukuta mamina, ndipo dziko lonse likundidziwa ndi tsiku limodzi. Lero wabweranso kudzatenga mawu a mng'ono wanga kuti azungu akawombe m'manja. Iye akhale mngelo, ine mfiti."

"Si choncho, Amayi. Ndikhoza kukonza. Ndidzanena pa phwandopo, pamaso pa anthu onse, kuti munandilera ndinu."

"Udzanena chifukwa ukufuna ichi."

Anakola tepi ya m'katimo ndi chikhadabo n'kuikoka. Inatuluka yaitali, yonyezimira, n'kumuzinga m'dzanja. Yeabu anaimirira. "Amayi, mukutani?" Sallay anatembenuka, n'kuponya zonse m'chiwaya cha mafuta otentha.

Sorie anadumpha mpaka mpando unagwa. Anapisa dzanja m'chiwayamo, n'kukuwa, n'kutulutsa chinthu chakuda chofota chimene chinamumatirira ku zala. Utsi wonunkha pulasitiki unadzaza khitchini, ndipo kabelu ka moto kudenga kanayamba kulira. Yeabu anamukokera mlongo wake kumpopi, akulira n'kumatukwana, madzi akuthira pa zala zotupazo.

Sallay anazimitsa chitofu n'kutsegula zenera. Anayang'ana nkhope ya Sorie, n'kuona kuti chamulowa mpaka m'mafupa, ndipo anamva kukoma kumene sanakumve kwa miyezi yonse ija.

"Anali mng'ono wanu," anatero Sorie, mawu atasasa. "Inunso simudzamumvanso."

"Ine ndinamumva zaka zambiri. Ndikumudziwa. Iwe wamva theka la nyimbo, ndipo limenelo ndi lako. Kaliike mavayolini."

Sorie anakulunga dzanja m'kansalu kopukutira mbale n'kutuluka osatsanzika. Yeabu anamutsatira kukamuperekeza kuchipatala, ndipo madzulo ake anangobwera kudzalongedza zovala. Anakakhala kwa mnzake ku Camberwell, ndipo panapita nthawi yaitali asanayankhe foni ya mayi ake.

Phwando lija linachitika, holo inadzaza, koma amene anapitako anati Sorie anaimba dzanja lili m'bandeji ndipo sanatchule za mayi aliyense. Anthu a ku Peckham anadikira kuti nkhani ya chiwaya ituluka m'chimbale chotsatira. Sinatuluke. Yeabu, muukali wake, anaifotokoza yekha kwa anzake, ndipo pofotokozapo za mpeni zinatulukira nazo limodzi. Amayi a m'bungwe anagawikana. Ena ankati Sallay ndi mfiti ndithu, ena ankati mnyamatayo anaziyamba dala.

Wapampando anabwera ku saluni Loweruka lina, ati kudzalukitsa tsitsi, koma maso ali pa nkhani.

"Achemwali, koma zoona munawotcha? Mawu a malemu?"

"Ndinawotcha."

"Simukumva chisoni?"

Sallay anagawa tsitsi ndi chipeso, mzere wowongoka bwino kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo.

"Chisoni ndimamva tsiku lililonse," anatero. "Koma ikanakhalapo ina, ndikanawotchanso. Weramani, mayi, ndiyambire kumbuyo."