Khwangwala wa Aphunzitsi

Anthu ena amaweta nkhunda, ena mbira, koma a Gervazio, mphunzitsi pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Bembeke, anasankha kuweta khwangwala. Anamutola ali kamwana pansi pa mtengo wa paini atagwa kuchokera m'chisa, nabwera naye kunyumba m'chipewa. Mkazi wawo Filomena anangogwira pakamwa.

"Bambo, mbalame zonsezi, mwaona kuti yotiyenera ndi yotolatola zakudzala?"

"Musamunyoze, mayi," anatero a Gervazio uku akutsegula buku lawo la zithunzi za mbalame. "Uyu ali ndi abale dziko lonse. Onani wa ku Ulayayu, wamchira wautali, akuti amaba ndolo. Uyu wabuluuyu ndi wa ku Amereka. Onsewa nzeru zawo kuposa ana anga a Sitandade 5."

Anamutcha Sisitere, poti anali wakuda thupi lonse koma pachifuwa poyera mbee. Ndipo nzeruzo analidi nazo. Masana aliwonse aphunzitsi akamaweruka ankaliza belu la njinga pakhomo n'kuitana kuti, "Filomena, ndabwera!" Chaka chisanathe, Sisitere anali atatola zonse ziwiri, belu ndi mawu omwe, mpaka kakusasa mawu kamene bambowo anali nako chifukwa cha fumbi la choko. Kangati Filomena kuthamangira panja madzi osamba ali m'manja, n'kupeza ndi mbalame ili padenga! Ankaitukwana, koma akuseka.

M'chaka cha 1976 a Gervazio analakwa, ngati kumeneko n'kulakwa. Pamsonkhano wa makolo anafunsa chifukwa chimene ana ankabwezedwera pakhomo la kalasi makolo awo akakhala opanda khadi la chipani. Anafunsa mwaulemu, chipewa chili m'manja. Patapita masabata awiri, galimoto yopanda chizindikiro inaima pabwalo la sukulu nthawi yopuma, ndipo anthu amene anali m'menemo anawatenga choko chili m'zala. Anthu omwewo anafika kunyumba n'kukokolola mabuku, makalata, ndi chithunzi chimodzi chokha chaukwati chimene chinali pakhoma. Kumene anapita nawo palibe ananena, ndipo palibe anafunsa.

Masiku amenewo munthu akatengedwa, dzina lake linkapita naye limodzi. Akazi a aphunzitsi anzawo, omwe dzulo lake ankapemphana mchere ndi Filomena, anayamba kuona zachilendo m'mitengo akakumana naye panjira. Kutchalitchi anthu ankapempherera odwala, a paulendo, ngakhale mvula, koma Gervazio ayi. Filomena mwana analibe, poti banja linali la zaka ziwiri zokha. Pamudzi wonse wa mishoni, amene anatsala ndi chiwindi chotulutsa mawu a munthuyo anali khwangwala. Dzuwa likapendeka, belu linkalira padenga: "Filomena, ndabwera!" Mtima unkamupweteka ngati wapondedwa, komabe tsiku lililonse ankakhala pakhonde kudikira kuti umupwetekenso.

Atamuuza kuti atuluke m'nyumba ya sukulu, ananyamula mphasa, mapoto awiri ndi dengu lovundikira ndi chitenje momwe munali Sisitere, nabwerera kwawo ku Lobi. Mchimwene wake wamkulu, a Alufeo, anamulandira bwino ndithu, mpaka tsiku lomwe anamva mawu a mlamu wawo akuitana pamwamba pa nkhokwe. Anatuwa nkhope.

"Mlongo wanga, ukufuna utiphetse? Apampando a chipani amadutsa njira yomweyi. Akamva mawu a munthu uja pakhomo pano, adzati tikumubisa, kapena adzati ndife afiti. Nanga mvula ikagwa? Akhwangwala amatifukulira mbewu chaka ndi chaka, iwe n'kutibweretsera mphunzitsi wawo! Ndimupha ndikamupachike pamtengo kumunda, anzake aone."

Umo ndi mmene alimi a kumapiriko amachitira: khwangwala mmodzi wakufa, mutu pansi, mapiko tambalale pakati pa munda, ena onse sayandikira. Filomena anagwada.

"Achimwene, chonde. Chithunzi anatenga, makalata anatenga. Ndatsala ndi chiyani ine? Ndimutsekera, sadzatulukanso."

Anamutsekeradi m'khola lakale la nkhunda kuseri kwa nyumba, natseka mabowo onse ndi zitsononkho, kusiya kabowo kamodzi kolowetsera chakudya. Sisitere anadzimenyetsa kukhoma masiku atatu, kenako anangoti zii. Sabata inatha, mwezi unatha. Ankadya, ankayang'ana ndi diso limodzi pabowo, koma pakamwa anatseka.

Mantha anamugwira Filomena. Nanga akaiwala? Ndiye anachita chimene mkazi wa mphunzitsi aliyense akanachita: anayamba kumukumbutsa phunziro. M'mawa asanapite kumunda, masana pobwera, madzulo nkhuku zisanalowe, ankaika pakamwa pabowo paja n'kunong'ona, kenako n'kukweza pang'ono: "Filomena, ndabwera. Nena, Sisitere. Filomena, ndabwera." Ankayesa kukulitsa mawu kuti amveke achimuna, koma nthawi zambiri ankathera m'misozi mawuwo asanathe. Chisanu cha mu Juni chinamupeza pomwepo, milomo itang'ambika. Akazi a pamudzi anayamba kunong'onezana kuti mutu wamuzungulira, ndipo mwina sankanama kwenikweni.

Mbalameyo inayankhula mu Novembala, tsiku lomwe mvula yoyamba inagwa. Filomena ankasankha mbewu ya nyemba pakhonde pamene anamva belu kuseri. Lichero linagwa, nyemba mbwee pansi. Anathamanga, nagwira khola ndi manja onse awiri.

"Filomena," anatero khwangwala, "ndabwe..."

Anali mawu a mkazi. Mawu opyapyala, onjenjemera, oduka pakati, otsatidwa ndi kufwenthera kwa munthu amene walira nthawi yaitali. Sisitere sanaphonye kanthu, mwana wasukulu wabwino. Anabwereza kachiwiri, kachitatu, ndipo Filomena anadzimva yekha mmene wakhala akumvekera chaka chonsecho.

Anakhala pansi m'matope. Anatseka maso kuti awafune mawu enieniwo m'mutu mwake, aja osasa, a fumbi la choko. Anafufuza ngati munthu wofuna singano m'udzu. Nkhope anaipeza, chipewa anachipeza, ngakhale fungo la sopo wawo, koma akati amve "ndabwera," ankangomva kulira kwake komwe. Anali atawafufuta yekha, tsiku ndi tsiku, m'mbalame ndi mwa iye mwini, poyesa kuwasunga.

M'mawa mwake a Alufeo anadutsa ndi khasu ndi thumba la mbewu, akudandaula kuti akhwangwala ayamba kale kuzungulira munda. Filomena anatsegula khola, natulutsa mbalame ija, nawapatsa. Sinalimbane n'komwe, mapiko anali ataiwala ntchito.

"Tengani, achimwene. Kapachikeni."

A Alufeo analandira. Anaipana mbalameyo m'khwapa n'kutsetsereka ndi kanjira ka kumunda. Atafika pa nthochi, asanazimiririke, belu la njinga linalira kamodzi, lomveka bwino ngati kale.

Filomena ankadziwa kumene lachokera. Ankadziwa bwino lomwe. Komabe anadzuka, nakonza chitenje, natembenukira kumsewu wochokera ku Bembeke. Kunalibe munthu.