Thumba la Mpama mu Nadzipokwe

Loweruka lililonse dzuwa likapendeka, amayi asanu ankakumana pakhonde la Mayi Kaliati, kumunsi kwa mishoni ya Mua. Gulu lawo lidalibe dzina, lidalibe wapampando. Adali anthu ongokonda kuyesa zinthu: sabata ino jamu wa malambe, yamawa sopo, inayo mbaula yadothi yosadya nkhuni zambiri. Zochuluka zinkakanika, ndipo kukanikako ndi kumene kunkakometsa macheza.

Fagness za jamu adalibe nazo ntchito. Adali ndi ana anayi, ndipo mwamuna wake Laisoni chipitireni ku Joni zaka zitatu zapitazo adangoti zii. Pakhondepo ankabwera pa zifukwa ziwiri. Choyamba, macheza akatha pankabwera mpunga, ndipo wotsala ankaukulunga m'pepala ponena kuti ndi wa nkhuku. Nkhukuzo adagulitsa kale mu Disembala. Chachiwiri, mwana wake woyamba mwa amoyo, Jessie, adatomeredwa ndi Vincent, mwana wa Mayi Kaliati, ndipo chinkhoswe chidayenera kuchitika Pasaka ikangodutsa.

Mayi Kaliati, mphunzitsi wopuma pantchito, adayamba kale kumutchula kuti asewere. Koma adanenapo tsiku lina, akusefa malambe, kuti: "Ine chimene sindifuna n'choti mwana wanga akakwatire kubanja koti malipiro ake azikathera kudyetsa mudzi wonse. Koma kwa asewere angawa ayi, n'kolimbikira. Ndi nkhuku zomwe zimadya mpunga!"

Onse adaseka. Fagness nayenso adaseka, mawuwo n'kuwasunga.

Chaka cha m'mbuyo anthu sadakolole, ndiye chaka chimenechinso mvula idadula mu Januwale. Ganyu wa m'minda ya mpunga ku Bwanje anthu ankalimbirana ngati nyama ya pamaliro. Lachinayi, ufa womaliza utatha, Fagness adatenga khasu n'kukwera phiri. Adakumba mpama, chilazi cha kutchire chija chimene munthu sachiyang'ana n'komwe m'nkhokwe mukakhala kanthu. Adausenda manja akuyabwa, adaudula timapisi, adauwiritsa ndi phulusa n'kutaya madzi ake. Lachisanu madzulo adaumanga m'thumba n'kukaumiza mumtsinje wa Nadzipokwe, pamalo obisika, pamuzu wa mkuyu. Mpama umafuna masiku atatu m'madzi oyenda. Ukauchitira changu, umapha.

Loweruka adachapa chitenje chake chabwino chija, adadzola mafuta kumapazi, n'kupita pakhonde atamwa madzi okha.

Adapeza macheza atakolera kale. Chrissie, mkazi wa mlangizi wa zaulimi, adali atatambasula miyendo pamkeka akudandaula za mbaula yake.

"Ndinaiumba bwinobwino, ndinaisalaza ndi mwala. Lero ndikaione, yang'ambika ngati chidendene cha mu Okutobala."

"Munaiyanika padzuwa inu," adatero Yunisi, mkazi wa msodzi wa ku Mtakataka, amene ankabwera panjinga. "Dothi limafuna mthunzi. Koma inu chilichonse n'changu. Ngakhale a mlangizi munawaphika osapsa."

"Iwe, asiye amuna anga! Akanakhala osapsa bwenzi ali ndi dazi lija?"

Thandiwe, mwana wamkazi wa Mayi Kaliati, adaseka atagwira mimba yake ya miyezi isanu ndi iwiri. Iye palibe chimene ankaumba kapena kuphika. Ntchito yake pagululo idali kulawa.

"Takulandirani asewere," adatero Mayi Kaliati, akusendeza mpando. "Mwafika bwino. Lero tikukamba za zakudya zodabwitsa. Aliyense anene chimene anadyapo choti akachikumbuka amadzifunsa kuti kodi ndinali bwino?"

"Ine nkhululu," adatero Thandiwe. "Zokazinga, mchere pang'ono. Panopa ndikuzilota ndi usiku womwe."

"Nkhululu n'zodabwitsa zimenezo? Ndi ndiwo wamba," Chrissie adamudula. "Ine ndinadyapo ana a njuchi, kwa apongozi anga ku Ntcheu. Akamalowa m'kamwa amangoti phwa! ngati ukudya mafuta."

"Nanga mbewa zija munabwera nazo mwezi watha?" adafunsa Yunisi, yemwe adali Msilamu, atakwinya mphuno. "Ndi ubweya womwe, ndi mchira womwe, mano ali gwa kukuyang'ana. Astaghafiru! Ndinakasamba kawiri."

"Tamumvani uyu! Inu a kunyanja si mumadya nkhungu? Udzudzu weniweni, kuuwola ndi lichero, kuuumba ngati chigumu."

"Nkhungu siziluma munthu, asisi. Ndipo sizigona kuchimbudzi."

Kuseka kudabuka mpaka galu adadzuka pansi pa mpando. Fagness adamwetulira pang'ono. Fungo la mpunga linkachokera kukhitchini, ndipo m'mimba mwake mudalira moti adatsokomola kuti ena asamve. Anthu okhuta, adaganiza, amakamba za chakudya ngati za mpira.

"Nanga inu asewere?"

"Ine ndimadya chimene chapezeka."

"Aa, musatimane. Nenani chimodzi."

"Ndilibe."

"Asiyeni," adatero Chrissie, maso akuwala. "Lero ndikuposani nonse. Zanu zija n'zongokamba, yanga ndabwera nayo."

Adakoka beseni laling'ono limene lidali kumbuyo kwake, n'kuvundukula kansalu. Mudali timapisi tokazinga, tofiirira bwino, towaza mchere ndi tsabola. Fungo la mafuta lidadzaza khonde lonse.

"Tchipisi cha makolo! Lotani."

"Chinangwa," adatero Yunisi.

"Ayi."

"Koko?"

"Mwalephera. Mpama! M'mawa uno ndinapita ku Nadzipokwe kukafuna dothi la mbaula ina. Ndikuona chingwe pamuzu wa mkuyu, ndikoke, thumba. Wina analiiwala kalekale. Ndinafunsa agogo ena amene amachapa kumtunda, akuti ndi mpama, ankadya makolo athu. Ndiye ndinangotapako, ndati amayi akalawe mbiri yakale."

Fagness adayang'ana timapisito. Adatizindikira ndi kadulidwe komwe, kopendama, chifukwa mpeni wake udali wopindika kunsonga. Sikudali kutapako kumeneko. Lidali theka la thumba, chakudya cha ana ake cha masiku awiri, chitanyikidwa m'mafuta amene iye sadawaone m'nyumba mwake chiyambire Khirisimasi.

Adalankhula motsitsa, ngati nkhani ya kutali.

"Ndinamva kuti mpama umafuna masiku atatu m'madzi. Mwina tiusiye."

"Masiku atatu? Uwu wagona sabata yathunthu," adatero Chrissie. "Thumba lake linali loterera, ndere zokhazokha."

Lidali loterera chifukwa lidali thumba lakale la feteleza limene Fagness ankaviikira chinangwa chaka chatha. Koma akadanena bwanji zimenezo?

"Komabe simukudziwa mwini wake. Simukudziwa tsiku limene anauviika."

"Asewere, inunso mantha," adatero Mayi Kaliati akuseka. "Moto umapha zonse. Si wakazingidwa uwu?"

"Moto suchotsa. Amachotsa ndi madzi."

"Ndiye mwaphunzira liti za mpama, a dokotala?" Chrissie adamunyogodola. "Muja mumati mulibe chodabwitsa?"

"Ine ndiye sindidikira," adatero Thandiwe. "Mwanayu akundimenya kale, wamva fungo."

Adatambasula dzanja, adasankha kapisi kakakulu, kofiira m'mbali.

Fagness adaona zala zija zikukwera kupita kukamwa. Adaona chinkhoswe, mabeseni a ufa, Jessie atavala chitenje chofanana ndi malaya a Vincent. Adaonanso china chimene sankafuna kuchiona: chaka cha 2002, Jeremiah wake wa zaka zinayi akusanza, akuphupha pamphasa, chifukwa iye, mtsikana wosadziwa kanthu nthawi imeneyo, adavuula thumba tsiku lachiwiri poona kuti mwana walira kokwana.

Sadadziwe kuti waimirira liti. Adamenya dzanja la Thandiwe mwamphamvu, kapisi kaja kadagwera pabwalo. Galu adathamangira, iye adamuponda ndi phazi mpaka adalira kwee. Kenako adalanda beseni lonse n'kulikumbatira.

"Amake Jessie!" adakuwa Chrissie. "Mwapenga?"

"Wagona usiku umodzi. Umodzi wokha. Ndinauviika dzulo dzuwa likulowa."

Onse adatembenukira kwa iye.

"Munauviika... inu?" adafunsa Yunisi.

"Thumbalo ndi langa. Chingwe chake ndi mkawo wa chitenje chobiriwira, ndinamanga mfundo ziwiri. Mukufuna ndinene zinanso? Ndinakumba Lachinayi kuphiri. Onani manjawa." Adawatambasula, osupuka, ofiira pakati pa zala. "Si sopo wanu uja anachita izi ayi. Kwanga ufa unatha. Nkhuku kulibe, ndinagulitsa. Mpunga umene ndimatenga pano amadya ndi ana anga, ndipo amanyambita ndi pepala lomwe. Mpama si mbiri yakale, a Chrissie. Ndi chakudya cha Lolemba kunyumba kwanga, ndipo theka mwaliwononga. Mafutawa atsekera ululu m'kati, ngakhale kuubwezera m'madzi sungachokenso."

Chrissie adapinda miyendo yake pamkeka. "Ine sindinadziwe. Ndimayesa..."

"Mumayesa thumba limadzimanga lokha pamuzu."

Thandiwe adali akupukuta zala zake pachitenje mobwerezabwereza. "Ndikanadya, mwanayu..."

"Ukanayamba ndi kusanza. Zinazo usafunse. Ndinaika kale mmodzi m'manda."

Fagness adatsika pakhonde, adapita kuchimbudzi kuseri, adakhuthulira tchipisi cha makolo chonse m'dzenje. Adatsuka beseni ndi phulusa pampopi, adasamba m'manja, adabwerera n'kulipereka kwa mwini wake.

Mayi Kaliati adali atalowa m'nyumba. Adatuluka ndi poto yense wa mpunga, adaukhuthulira m'chidebe chachikulu chokhala ndi chivundikiro, adathira nyemba pamwamba. Sadagawire wina aliyense. Adachita zonsezi mosamala, mwaulemu, osamuyang'ana Fagness kumaso.

"Mwatipulumutsira mwana, Mulungu akudalitseni. Tengani uwu, anawo akadye. Chidebecho musavutike n'kubweza."

"Zikomo."

"Mukanatiuza kale, amake Jessie. Ife si alendo."

Fagness adamva. Chiyambire Novembala adali asewere. Lero dzuwa lisanalowe wabwerera kukhala amake Jessie.

Mayi Kaliati adamuperekeza mpaka pampanda wa nkhadze. Pamenepo adaima, adathothola tsamba louma pachitenje chawo.

"Za Pasaka zija. Bambo akunyumba amanena tsiku lina kuti chaka chino chavuta paliponse. Akuti mwina tiyambe taona mmene anthu akololere. Si kuti takana ayi. Kungodikira."

Mudzi wonse unkadziwa kuti a Kaliati aamuna sadagamulepo kanthu m'nyumba imeneyo, ngakhale mtundu wa makatani. Fagness adafuna kuika chidebe pansi n'kuchoka manja ali m'mbali. Adachiyeza kulemera kwake. Mudali mgonero ndi kadzutsa wa anthu asanu. Adachisenza pamutu.

"Ndamva, mayi."

Asadafike patali, mawu a pakhonde adayambiranso, poyamba monong'ona, kenako mokweza. Adamva Chrissie akufunsa: "Ndiye anati masiku atatu m'madzi eti? Thandiwe, talemba. Tikaupanga bwinobwino tikhoza kukaonetsa pa tsiku la alimi."

Adadzera kumtsinje. Thumba adalipeza likulendewera ndi mfundo imodzi, kukamwa kuli yasa, timapisi tina titapita ndi madzi. Adalimanganso, adalisunthira pamuzu wina pansi pa bango, adalitsindira ndi mwala. Lamulungu, Lolemba. Adawerenga ndi zala ngati kuti masikuwo angachepe.

Kunyumba adapeza Jessie atakhala pakhomo akusoka mpendero wa nsalu ya patebulo, imene ankakonzera nyumba yake yatsopano. Ang'ono atatu aja adathamangira chidebe.

"Mayi, mpunga wonsewu? Kunali phwando?" adafunsa Jessie.

"Asambitse m'manja anawa."

"Nanga apongozi anena chiyani za chitenje? Avomera chabuluu chija?"

Fagness adatula chidebe, adakhala pansi, adayamba kumasula mpango kumutu.

"Akuti tidikire zokolola."

Jessie adasiya singano. Adatembenukira kumunda wa kuseri kwa nyumba, kumene chimanga chidaima cholekeza m'mawondo, masamba atapotana ngati fodya wouma, chopanda ndi ngaiyaye yomwe.

"Zokolola ziti, mayi?"

"Pakula mpunga, ukuzizira. Ugawe pawiri, wina ndi wa mawa."