Chilembo cha Pakhoma la Telala

Mtsikana wina, dzina lake Awa, sanauzepo munthu kuti zilembo ankazikonda kuposa anthu. Anthu ankamufunsa mafunso, pomwe zilembo zinkangomumvera. Kusukulu ya mishoni, komwe analekezera Sitandade 8 atalephera kusankhidwa kupita kusekondale, anaphunzira kalembedwe kolumikiza, kopendekera, ka michira yaitali. Okonza ukwati m'tauni ya Mangochi ankamubweretsera makhadi kuti awalembere, iye n'kumalandira maso ali pansi.

Amjomba ake, a Iddi, alongo a mayi ake, anali telala pafupi ndi msika. Tsiku lina anatulukira ndi kachitini ka penti wobiriwira.

"Iwe mwana wa sukulu, undilembere dzina langa pakhoma la m'katimu. Lioneke ngati la pakhadi la ukwati, makasitomala azichita manyazi kunenerera."

Awa anakwera pampando. Malo opanda mashelefu anali amodzi okha, pambali pa chithunzi cha Mtsogoleri wa dziko. Anayamba ndi I wamkulu, dzanja n'kupita lokha. Mutu wa chilembo unakwera, unapinda ngati khosi la kakowa, n'kutsika. Sanayang'ane kumbali. A Iddi, amene ankawerenga Chiarabu chokha, anaomba m'manja.

Lachisanu, a Iddi atangobwerako kumzikiti ku mapemphero a Juma, munalowa anyamata awiri a malaya ofiira kudzafunsa makhadi a chipani. Makhadi analipo. Mmodzi anakweza maso.

"Che Iddi, m'dziko muno chilipo chokhala pamwamba pa chithunzi icho?"

"Palibe, bwana."

"Nanga ichi?" Anagoneka ndodo pamwamba pa fulemu ya chithunzicho. Khosi la chilembo linapitirira ndi zala ziwiri. "Walemba ndani?"

Awa anali pakona akusokerera mabatani.

"Ndalemba ndine," anatero a Iddi.

Anyamatawo anaseka, poti ankadziwa kuti mkuluyo sasiyanitsa A ndi B, koma anawatenga basi. Kofia ya a Iddi inatsala pamakina.

Masabata anapita. Kupolisi ankati kafunseni kuchipani, kuchipani ankati sitikuwadziwa. Makasitomala anadzatenga nsalu zawo zosasoka, osapereka ndi moni womwe. A makhadi a ukwati nawonso analeka kubwera.

Akazi awo a Iddi, a Ajira, anasungunula laimu m'ndowa n'kumupatsa Awa burashi.

"Fufuta. Mwina akamva kuti tafufuta awabweza."

Onse awiri ankadziwa kuti sizitero. Awa anapaka. Laimu atauma, zobiriwira zinaonekeranso pansi pake. Anapakanso.

"Ukulira chiyani? Amjomba ako kapena pentiyo?"

Awa anayang'ana m'ndowa. Mawu anatuluka aang'ono.

"Azakhali, chilembo chija chinali chokongola. Sindinalembepo china chotero. Ndikachikumbukira mtima umakondwabe, ndiye ndimadzida."

A Ajira analoza pamwamba ndi chibwano.

"Apo pakuonekabe."