Msonkho wa Nyumba ya Chitsiriza

Ndiye kuti mayi wa pawindo uja anamuona ngati chitsiru, palibenso china, chifukwa kayang'anidwe kaja — kuona lisiti, kuona iye, kuonanso lisiti, kenako kukodola mnzake wa padesiki ina kuti naye adzaoneko — ndi kamene iye mwini, telala wa zaka makumi atatu pamakina, amayang'anira kasitomala wobwera ndi kansalu ka mamita awiri n'kumafuna diresi yofika m'akakolo. Anatsika masitepe a ofesi ya khonsolo atagwirira chitsulo cham'mbali, dzuwa la teni koloko likumutentha pakhosi, mawu aja akulirabe m'khutu mwake.

"Mayi, kudandaula za msonkho wa nyumba n'kwaulere. Fomu yake ndi iyi. Munthu ameneyu si wathu, ndipo si inu oyamba sabata ino."

Chidindo chinali chabodza, nambala ya fayilo yabodza, ngakhale dzina la kampani limene linali pamwamba pa lisiti lija, lolembedwa ndi zilembo zagolide, silinali m'buku lililonse. Ndalama zake zonse za mayunifolomu a sukulu, zimene anazisokera miyezi itatu msana uli kuwawa, zimene ankati agulire makina atsopano, zinali zitapita ndi bambo wa chikwama chachikopa amene analonjeza kuti amutsitsira msonkho ndi theka. Koma chodabwitsa n'chakuti ataima pamsewu kudikira minibasi, si ndalamazo zimene zinkamuluma kwambiri. Chinkamuluma chinali foni imene inali m'chikwama mwake, yolemera ngati simbi, chifukwa dzulo lomweli mng'ono wake, amene banja lonse linkangomutchula kuti Chitsiriza, anamuimbira mokondwa kumuuza kuti bambo yemweyo abwera lero fili koloko kudzatenga chikalata chenicheni cha nyumba yake, akuti akaonetse kwa mabwana.

Kuimba kunali kosavuta. Chala chimodzi, mawu awiri, usamupatse chikalatacho. Anaitulutsa foniyo, anaiyang'ana, minibasi inafika, ndipo anaibwezera m'chikwama akudziuza kuti m'galimoto muli phokoso.

Zonsezi zinayamba ndi makalata a khonsolo aja, pamene nyumba iliyonse anaiwerengeranso mtengo. Yake inafika, anaiwerenga, msonkho unali utakwera ndithu koma osati mopha munthu — zipinda ziwiri, malata, khonde limene anatchinga ndi matabwa kuti likhale shopu, akanati aike mtengo wanji? Loweruka lotsatira anapita kwa Chitsiriza kukayesa mawindo a makatani atsopano, ndipo mng'ono wakeyo anamuonetsa yake, manja ali kumutu, akuti taonani achemwali, atipha anthu awa. Iye anaona nambala imene inalembedwa ngati mtengo wa nyumbayo, yaitali ngati sitima. Anati pepa, inde anati pepa, koma mumtima — Mulungu amukhululukire — anasirira msonkhowo, anasirira kudandaula kwa mtundu umenewo, kulira koti munthu ukulira uku ukuonetsa dziko lonse kulemera kwako. Kodi Chitsiriza sanadziwe zimene ankachita pomuonetsa pepala lija? Anadziwa. Kapena sanadziwe, ndipo ndicho choipitsitsa, kuti mwana ameneyu chibadwire sanafunikepo kudziwa kuti ena akumva bwanji.

Tsiku lomwelo bambo wa chikwama anafika, nsapato zonyezimira, mawu ofatsa ngati a dokotala. Anazungulira nyumba yonse akugogoda matailosi, akuyang'ana siling'i, akuti nyumba ngati iyi akhonsolo amaidyera masuku pamutu, koma iye amadziwa makomo oyenera kugogoda. Telala, ali pampando ndi tepi yake m'khosi, anafunsa mwanthabwala kuti nanga yanga bwanji. Bamboyo anafunsa kumene amakhala, atamva anamwetulira mwaulemu.

"Kumeneko sitifikako kawirikawiri, mayi. Palibe chotsitsa kwenikweni."

Chitsiriza anaseka, kaseko kakang'ono, mwina kongofuna kuchotsa manyazi, mwina ayi — iye wakhala akukatembenuza kaseko kameneko m'mutu masabata asanu ndi limodzi ngati kolala yokana kukhala. Ndipo ndi iye, palibe amene anamukakamiza, amene anakopera nambala ya bamboyo pakakhadi kamene kanasiyidwa patebulo, ndi iye amene anaimba katatu konse mpaka bamboyo anavomera kubwera. Atabwera anayesa zipinda ndi tepi yachitsulo, ndipo iye, munthu wa tepi moyo wake wonse, anaona bwinobwino kuti tepiyo ikulendewera pakati, kuti munthuyu akulemba manambala asanawerenge, anaona, mtima unamuuza kuti uyu sanayesepo kanthu chibadwire. Koma nthawi yomweyo bamboyo anamenya khoma ndi chikhatho n'kunena kuti iyi ndiye nyumba, yolimba kuposa ya mng'ono wanu ija, zija n'zokongola kunja chabe. Basi. Analowa kuchipinda, anatulutsa ndalama pansi pa nsalu za makasitomala, anapereka ndi manja awiri.

Atafika kushopu anatsegula loko, anakhala pamakina, anatenga siketi ya mphunzitsi wina yofunika kupinda m'munsi. Phazi linkapalasa lokha, singano ikugogoda, koloko ya pakhoma inati leveni, kenako thwelofu. Mpendero unatuluka wokhota, anausomola, anasokanso, unakhotanso. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pamene bambo awo anamwalira, iye ali woyamba m'kalasi pa masamu, ndipo palibe amene anamufunsa, amayi anangoti wamkulu ndiwe, makina a malemu ndi awa. Fizi ya Chitsiriza inatuluka pansi pa singano imeneyi teremu ndi teremu, mpaka kukoleji, mpaka ntchito ya kubanki, mpaka mwamuna wa galimoto ya kampani, mpaka diresi ya ukwati imene anaisoka masiku khumi ndi anayi n'kukaionera kumbuyo kwa holo chifukwa mipando yakutsogolo inali ya anzawo a kuntchito. Chitsiriza sanaiwale, ayi, bwenzi zili bwino akanaiwala, munthu akanakhala ndi chomudera. Amathokoza paliponse, amauza alendo kuti awa ndi achemwali amene anandiphunzitsa, amatumiza thumba la shuga, amatumiza nsapato zimene wavala kawiri kokha — ndipo kuthokoza kulikonse kumamusiya iye atachepa, ngati nsalu yochapidwa ndi madzi otentha.

Ndipo onani tsopano, ngakhale wakuba wawasiyanitsa. Kwa iye watenga tindalama ta mayunifolomu n'kuleka kuyankha foni, sanafunse n'komwe za chikalata chake, nyumba yakeyo sinali yoyenera ngakhale kubedwa. Kwa Chitsiriza akufuna nyumba yonse, akavala tayi, akafika pa nthawi yake. Anazindikira kuti akuchitira nsanje munthu amene akufuna kuberedwa, ndipo anaimitsa makina, anagwira pakamwa ndi manyazi. Ndine munthu wanji ine? Ndi mwana wa amayi anga ameneyu, ndinamubereka kumsana. Anatenga foni. Koma akaimba, funso loyamba lidzakhala lakuti mwadziwa bwanji, ndipo adzayenera kunena za khonsolo, za lisiti, za katatu kamene anaimbira munthu amene anamukana pamaso pa mng'ono wake. Ankamva kale yankho lake, lofewa, lachifundo, aa achemwali inunso, bwanji osandiuza, zinali zingati ndikubwezereni. Ndikubwezereni! Anaika foni pansi pa mulu wa zidutswa.

Nkhani ngati iyi si yapafoni, anadziuza cha m'ma wani koloko, ndi yofunika pamaso. Anatseka shopu, siketi ya mphunzitsi ili chilendewerere pamakina. Minibasi yoyamba anaisiya kuti yadzaza, yachiwiri anaisiya popanda chifukwa, yachitatu anakwera, ndipo njira yonse ankawerenga nthawi, osadziwa ngati akuopa kuchedwa kapena kufulumira. Ankaona m'maganizo Chitsiriza atafika pakhonde la shopu ndi masutikesi, maso ofiira, akupempha pogona, ndipo iye akumuyalira pabedi pake penipeni, iye mwini n'kugona pansi, osanena liwu limodzi lomudzudzula — ankadziona wabwino kwambiri m'chithunzi chimenecho moti misozi inalengeza, kenako anazindikira kuti ubwino umenewo ukufuna kuti nyumba ya mng'ono wake iyambe yapita.

Anafika hafu pasiti thu. Chitsiriza anatsegula geti yekha, ali ndi diresi yobiriwira imene iye anamusokera chaka chatha.

"Achemwali! Mwachita bwino kubwera, mundikhalire mboni. Lero ndapempha tchuthi kuntchito."

M'chipinda chochezera munali mozizira, makatani ake aja akugwedezeka pang'ono, osokedwa bwino, opanda ulusi ndi umodzi womwe wotuluka. Anakhala m'mphepete mwa sofa monga mwa masiku onse, chikwama pamiyendo, lisiti yabodza ndi fomu yaulere zili m'katimo, zopindidwa pamodzi. Tiyi anabwera m'makapu a alendo. Anati ayambe kuulula akamwa kamodzi, anamwa, anati ayambe akaika kapu pansi. Ndi pamene ankaika kapuyo pamene anaona kuti pakabati pamene pankakhala wailesi yakanema yaikulu ija panalibe kanthu, pangotsala malo oyera pakati pa fumbi ndi nthambo yolendewera kukhoma.

"Ili kokonzetsa," anatero Chitsiriza asanafunsidwe, mofulumira kwambiri.

Telala amadziwa bodza la munthu amene akunena kuti sananenepe pamene zipi ikukana kutseka. Wagulitsa. Wagulitsa kuti alipire bambo wa chikwama, kapena msonkho womwewo, kapena china chimene sichinenedwa m'nyumba muno, ndipo kanthu kotsekemera kanamukwera kukhosi, kotsekemera mochititsa nseru, anakameza pamodzi ndi tiyi. Chitsiriza analowa kuchipinda, anatuluka ndi envelopu yaikulu yakhaki ataikumbatira pachifuwa.

"Alamu anu sakudziwa. Kuntchito kwawo zinthu sizili bwino, ndikufuna akamabwera ku ulendo apeze chimodzi chatheka."

Anazinena akuseka. Ndiye kuti ngakhale mavuto ali nawo, ndipo wawabisa, kwa iye, mkulu wake — n'chifukwa chiyani? Chifukwa chomumvera chisoni, kapena chifukwa wakhala akudziwa nthawi yonseyi chimene chimakhala m'maso mwa achemwali ake akamayang'ana matailosi awa? Koloko ya pakhoma inali itatsala mphindi zisanu. Panja galimoto inaima, chitseko chinamenyedwa, kenako kugogoda pageti, katatu, mofatsa, mwaulemu.

Chitsiriza anadumpha, envelopu inapulumuka, mapepala anamwazika pansi, ndipo anagwada pafupi ndi mapazi a mkulu wake n'kuyamba kutola msangamsanga.

"Chitsiriza."

"Ee, achemwali?" Sanadzutse mutu.

Dzanja la telala linali kale m'chikwama, zala zitagwira lisiti ija. Pageti anagogodanso. Ndipo poyang'ana pansi, pamutu umene unawerama pamaondo ake, anaona pamene tsitsi linagawikana, pansi pa utoto wakuda wothiridwa mosamala, mzere woonda wa imvi, zoyera mbuu, zochuluka kuposa zake.