Thobwa la Masiku Anayi

Kwathu ku Ntcheu, Khrisimasi yopanda thobwa ndi tsiku wamba. Ndakhala ku Mtendere kuno ku Lusaka zaka makumi awiri, koma sindinaphonyepo. Mpunga usowe, nkhuku isowe, mlendo wolowa pakhomo panga tsiku limenelo amayamba walandira kapu.

Chaka chimenecho zinthu zinali zitathina. Ufa tinkaupeza pamzere, shuga tinkangomumva dzina, ndipo madzi ankatuluka pampope akafuna okha. Anatuluka Lachitatu, Khrisimasi ili Lamulungu. Sindinadikire. Ndinaphika phala, n'kuthira chimera cha mawere chimene mchemwali wanga ananditumizira pa basi. M'mawa mwake ndinawiritsanso, n'kuika ndowa kuseri kwa chitseko. Chimene sindinaganizire n'chakuti mvula inali itadula, ndipo malata ankaotcha ngati chiwaya.

Tsiku la Khrisimasi lomwelo tinkayembekeza mlendo wovuta. Mwana wanga Petronella anali pachibwenzi ndi Obed, kalipentala wa ku Kalingalinga, ndipo mayi ake, a Philomena, ankabwera koyamba kudzaona kumene mtsikanayo amachokera. Anali mayi otchuka kutchalitchi cha Pentekoste. Mwana wawo wamkulu anamuthetsera chibwenzi atangopeza botolo la mowa kunyumba kwa makolo a mtsikana.

Lamulungu m'mawa ndinavundukula ndowa. Thobwa linali likuchita thovu, likulira pansipansi.

Lillian, mnansi wanga, anasuzumira, n'kununkhiza. "Ba Ennie, uyu ni mowa manje. Gulitsani chabe, mugulemo nkhuku."

"Amai, mwanipaya!" anatero Petronella, yemwe anabadwira konkuno ndipo amalankhula za konkuno. "Vinthu vanu va ku Malawi ivi! Tayani!"

"Ndiwapatse chiyani? Madzi, ngati abwera pamaliro?"

Ndinalawa. Linali litawawasa ndithu, koma ngakhale nkhuku silikanaizunguza mutu. Ndisanaganize zambiri, odi anamveka pakhomo. Anali atabwera molunjika kuchokera kutchalitchi, Obed patsogolo, mayi ake pambuyo atavala zoyera, Baibulo kukhwapa.

Titapatsana moni, ndinatunga, n'kugwada, n'kupereka. Petronella anathawira kuchipinda.

A Philomena sanamwe. Anayandikiza kapu kumphuno, n'kuipendeketsa pang'ono, akuyang'ana thovu.

"Ichi chagona masiku angati?"

Ndikanatha kunena kuti ndaphika dzulo. Obed ankandiyang'ana ndi maso ondipempha kuti nditero. Koma kunamiza munthu uli pansi utamugwadira, ine sindimatha.

"Anayi. Madzi anatuluka Lachitatu, ndiye ndinafulumira. Ndi thobwa la kwathu, koma layamba kupita kwina. Ngati simungamwe, sindikwiya."

Anaika kapu pansi. Ndinamva Petronella akufwenthera kuseri kwa nsalu yotchinga kuchipinda.

"Obed, choka, yenda panja," anatero mayiwo. Mnyamata atatuluka, anandiyandikira, n'kutsitsa mawu. "Mukananiuza ati dzulo, sembe nanyamuka. Ine n'naphika kachasu ku Kanyama zaka teni nikalibe kupulumuka. Mutima unatembenuka, mayo, koma mphuno sinatembenuke."

Ndinaseka mpaka kutsamira khoma.

"Kuja kwina, kwa chibwenzi cha mwana wanga mukulu, sin'nathawe botolo," anapitiriza. "N'nathawa amai ake mutsikana. Ananiuza ati mu botolo muli palafini, ine nikumva fungo ya mowa na mphuno iyi. Muli na malasha?"

Makala ndinali nawo ochepa, amene ndinasungira kuphikira mpunga. Anavula duku loyera, n'kubwereka chitenje changa. Tinakoleza mbaula pakhonde, n'kuthira thobwa mumphika waukulu. Iwo ankatakasa ndi mthiko, akuyengula thovu, akununkhiza nthunzi kawirikawiri.

"Satana achoka na utsi," anatero. "Yembekezani. Akalimo pang'ono."

Lillian anaima pampanda, pakamwa pali yasa.

Litawira mokwanira, a Philomena analiziziritsa m'makapu awiri, n'kulipempherera pemphero lalitali, lotchula ngakhale mchemwali wanga wa ku Ntcheu. Kenaka anamwa kapu yonse osapumira.

"Petronella! Bwela, nikuone bwino. Uleke kulila monga wafedwa."

Mwana anatuluka maso ali psuu, n'kugwada. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pa ukwati muzaphika ichi chamene," anandiuza. "Koma muzayamba pa Chisanu, ine nilipo."

Mpunga tinadya madzulo, wophikira pa makala obwereka kwa Lillian, ndipo unali wosapsa bwino. Palibe anadandaula.