Fulawa Wofufumira M'matatu

Reinford anazindikira kuti zinthu zavuta m'nyumba tsiku limene anaponya thaulo lonyowa pabedi ndipo mkazi wake Lenah sananene kanthu. Analiyang'ana thaulolo, analikankha pang'ono ndi phazi, n'kudzifunditsanso bulangete mpaka kumutu. Mkazi ameneyu chikwatirane anali asanalolepo thaulo lonyowa kudutsa popanda mlandu. Kwawo ku Zomba, Reinford akaiwala kutseka mpopi, ngakhale a nyumba yachitatu ankadziwa. Tsopano kuno ku Pangani, mumzinda wa Nairobi, m'kanyumba kawo kam'mwamba, munali zii. Kwa zaka zambiri Reinford ankapempherera mtendere m'banja, ndipo ataupeza anauda.

Wolakwa anali Julayi. Amene sanakhalepo ku Nairobi amaganiza kuti chiperoni cha ku Thyolo ndiye kuzizira. Chiperoni chili ndi ulemu, chimabwera, chimakuwazani, kenako chimatsanzika. Kuzizira kwa ku Nairobi kumatula katundu pabalaza osanena tsiku lobwerera. Dzuwa linali litasowa, thambo lili mbuu, zovala zinkatha masiku pachingwe osauma. Reinford ankapulumuka chifukwa m'mawa ankapita ku ofesi ya bungwe limene linamubweretsa ku Kenya, kumene kunali tiyi wotentha ndi anthu ocheza nawo. Lenah ankatsala yekha atavala majuzi awiri, chipewa cha mwamuna wake, ndi masokosi kumanja.

Kenako sutikesi inatsika pamwamba pa kabati. Inakhala yotsegula panjira yopita kubafa, tsiku lililonse n'kumalandira kanthu, lero chitenje, mawa nsapato za kutchalitchi. Reinford ankaidumpha ngati sakuiona.

"Mwezi ukatha ndikupita kwathu," anatero Lenah tsiku lina akumwa tiyi, mawu ali ofatsa. "Inu muzigwira ntchito yanu. Tiziimbirana foni."

Kufatsako ndi kumene kunamuopsa Reinford. Lenah wokalipa ankadziwa pomugwira, koma Lenah wofatsayu anali mlendo. Anaona kuti akapanda kuchitapo kanthu, mkazi wake akwera ndege, ndipo iye atsala ndi nyumba yoti angaponye mathaulo paliponse. Sankaifuna nyumba yoteroyo.

Chimene ankadziwa n'chakuti kwawo ku Chinamwali, ku Zomba kuja, Lenah anali mwini masikono. Aphunzitsi, manesi, madalaivala a minibasi, onse ankaima pakhomo pake m'mamawa. Ndipo panali tchimo limodzi limene sankakhululuka, kuona munthu akuononga fulawa. Kuno analibe uvuni, koma Mayi Miriam, Mmalawi mnzawo wa kutchalitchi amene ankakhala ku Kasarani, ankanena Lamlungu lililonse kuti, "Uvuni ndili naye wangokhala, mudzabwere." Reinford anaganiza kuti ulendo wake ndi umenewu.

Loweruka m'mawa analowa m'khitchini, munthu woti sanakandepo ngakhale mandasi. Anathira fulawa m'beseni, shuga, majarini, mkaka, yisiti, zonse mongoyerekeza. Anamenyetsa dala mapoto kuti phokoso likafike kuchipinda. Kuchipindako kunali zii. Anakanda mpaka thukuta, anavindikira, anadikira. Atavundukula anapeza fulawa ali momwe anamusiyira, wozizira ndiponso wouma mtima. Reinford anati mwina yisiti wachepa. Anakhuthulira yense wotsala m'paketi, anakandanso, anadikiranso. Fulawa sanasinthe maganizo.

Apo m'pamene anapita pa sutikesi paja, n'kusolola chitenje chimene chinali pamwamba, n'kukulunga nacho beseni. Anaima pakhomo la kuchipinda atavala jekete, beseni lili m'manja.

"Ine ndatsika ku Kasarani, amayi. Ndikukawotcha masikono kwa Mayi Miriam."

Bulangete linatseguka pang'ono, panatuluka diso limodzi.

"Chitenje chimenecho mukupita nacho kuti?"

"Fulawa akumva kuzizira."

"Ndi cha pachinkhoswe chathu chimenecho."

"Chibwera madzulo. Kapena mawa. Paja Mayi Miriam amakonda zitenje za kwathu, mwina achipempha, ndipo ine kukana ndimachita manyazi."

Lenah anadzuka. Anangovala nsapato ndi juzi yachitatu. Tinene zoona, sanatsatire mwamuna, anatsatira chitenje. Koma Reinford sanali munthu wosankha, ndipo potsika masitepe mtima wake unkavina.

Kuno minibasi amati matatu. Matatu odutsa pa Pangani ankabwera atadzaza kale, choncho anayamba alowa m'tauni kuti akakwerere poyambira. Kumeneko kunali kumvekera "Kasarani, Mwiki, beba beba," makondakitala akukoka anthu malaya. Kamvula kankawaza. Anapeza mipando iwiri chakumbuyo, Reinford kuwindo beseni lili pamiyendo, Lenah pakati, mbali inayo mayi wina wa ku Kenya wonyamula chikwama chachikulu.

Ngati mukufuna kudziwa malo otentha ku Nairobi mu Julayi, musafunse a zanyengo, kwerani matatu. Mawindo onse amakhala otseka, anthu othithikana atavala majekete, injini ikutentha pansi, nyimbo zikugunda mpaka m'mano. Tsiku limenelo kunali mpira ku bwalo la Kasarani, moti atangolowa mumsewu wa Thika magalimoto anaima ndii. Kwa nthawi yoyamba mwezi wonse Reinford anamva zala zake za kuphazi. Anamvanso kanthu kena. Beseni linali litayamba kulemera mwachilendo, ndipo chitenje chinkakwera pang'onopang'ono ngati pansi pake pali wina akupuma.

Mayi wa chikwama uja anasuzumira. Anafunsa m'Chiswahili ngati m'chitenjemo muli mwana.

"Hapana, mama," anayankha Reinford. "Mkate."

Mayiyo sanakhutire kuti ndi buledi, anakokera chikwama chake pachifuwa.

Yisiti yense uja, amene ankagona ku Pangani, anadzukira pamodzi. Fulawa anatukula chivindikiro, anasuzumira m'mphepete mwa beseni, anatsikira pa bondo la Reinford. Reinford anamubweza ndi chala. Anatulukira mbali ina. Anamubwezanso, akumusisita mofatsa, akumunong'oneza kuti adikire pang'ono tafika. Fungo la yisiti linadzaza matatu yonse, anthu n'kumatembenuka kufuna kuona amene wayamba mowa m'mawa. Posowa chochita, Reinford anatsegula windo kuti mphepo imuziziritse. Matatu yonse inakuwa pamodzi kuti atseke, ndipo anatseka msangamsanga akupepesa.

Nthawi yonseyi Lenah ankangoyang'ana. Koma Reinford, amene ankamuba ndi diso, anaona milomo ikugwedera ndi manja a m'masokosi aja akufinyana.

"Yisiti munathira wochuluka bwanji?" anafunsa Lenah chapansipansi.

"Yense."

"Yense wa m'supuni?"

"Wa m'paketi."

Lenah anatseka maso. Anavula sokosi la kumanja, anavula la kumanzere, anawapinda bwinobwino n'kuwaika m'thumba. Analanda beseni, anavundukula, n'kumuthira fulawa uja chibakera pakati penipeni. Fulawa anaphwa n'kukhala pansi.

"Paketi yonse, a Reinford inu? Mukuwotcha masikono kapena mukufulula mowa? Kukanda kwake n'kumeneku? Taonani mibulu iyi. Majarini mwangoponyamo ngati mukudyetsa agalu. Munthu wamkulu, wa masukulu, ndege munakwera, koma beseni limodzi lakukanikani. Ndipo chitenje changa, tachionani chitenje changa."

Dalaivala anatsitsa nyimbo. Panalibe womva Chichewa m'matatumo, koma aliyense wokwatira anamva zonse. Kondakitala anamuyang'ana Reinford mwachisoni n'kunena kuti, "Pole, mzee." Sanadziwe kuti akupepesa munthu wosangalala kwambiri mumsewu wonse wa Thika. Reinford anakhala phee atazyolitsa mutu, mawu aja akumugwera ngati mvula yoyamba, ndipo ankaluma mlomo kuti kumwetulira kusaoneke.

Lenah ankakanda uku akulankhula, beseni lili pamiyendo, zigongono zikugunda mayi wa chikwama uja.

"Inu mumaganiza kuti chinthu mumangochinyamula, n'kukachiika pozizira, n'kuchivindikira, inu n'kupita kuntchito, ndiye chifufuma chokha?"

Atatero anasiya kukanda. Manja anali akadali mu fulawa. Kumwetulira kwa Reinford kunathawa, chifukwa onse awiri anamva kuti nkhani yachoka pa masikono.

"Kwathu m'mawa anthu ankagogoda pakhomo kufuna ine," anatero Lenah, mawu atatsika. "Kuno agogoda ndani? Wa madzi akafika amafunsa inu. Kutchalitchi ndine mkazi wa a Reinford. Kuzizira ndikanapirira, bambo. Chimene chandikanika n'kukhala wopanda ntchito kwa aliyense."

Reinford anachita manyazi, manyazi enieni.

"Ndinkaona, amayi," anatero. "Ndinkaona, koma ndinkangowonjezera bulangete. Pepani. Ine sindikufuna mupite."

Lenah anayambanso kukanda. Anapinda fulawa, anamutembenuza, anamuvindikira. Magalimoto anayamba kuyenda.

Mayi Miriam anawalandira ndi chimwemwe chachikulu, akufunsa za kunyumba, akudabwa kuti Lenah watuluka. Anawatsogolera kukhitchini monyadira n'kutsegula uvuni wotchuka uja. Munagwa zivindikiro za mapoto. Munali mapoto, mafulayipani, mapepala a pulasitiki opindidwa bwino, ndi botolo la chambiko lobisira alendo.

"Aa, ameneyu chigulireni sindinamuyatsepo," anatero Mayi Miriam mopanda manyazi. "Paipi yake ya gasi sanalumikize. Ine ndimati mukadzabwera inu akatswiri mudzaona pochita."

Reinford anayang'ana uvuni, anayang'ana beseni limene linali litayambanso kutukula chitenje, n'kuona ulendo wonse ukugwera m'madzi. Ndiye anamva phokoso kumbuyo kwake. Lenah anali atatsamira khoma akuseka, kuseka kwa misozi, kogwira m'mimba, kumene Reinford anali asanakumve chiyambire kuzizira.

"Mbaula muli nayo, amayi?" anafunsa Lenah akupukuta m'maso.

Mbaula inalipo, makala analipo. Lenah anavula majuzi awiri, anamanga chitenje chija m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anali wantchito wake. Reinford anatumidwa kukatapa mchenga kuseri kwa nyumba, anakalipidwa kuti wabweretsa wamiyala, anabwereranso. Mchenga unalowa pansi pa poto wamkulu, masikono m'mbale yachitsulo pamwamba pa mchengawo, makala amoto pa chivindikiro. Anakhala pakhonde atatu atazungulira moto, akuwotha manja, akukambirana za minibasi za ku Zomba. Kamvula kankawazabe, koma panalibe amene ankakaona.

Fungo litafalikira, wina anagogoda pageti. Anali mayi woyandikana nawo, Mkenya, amene anabwera kudzafunsa kuti akuwotcha buledi ndani. Mayi Miriam analoza Lenah. Reinford anaona mkazi wake akuwongola msana.

Masikono anatuluka aakulu ngati zibakera, okongola kunja. Anawanyema akadali otentha, anapaka majarini. Mlendo uja analuma, anatafuna nthawi yaitali, n'kunena mwaulemu m'Chingerezi kuti masikono a ku Malawi ndi amphamvu. Ananena zoona. Masikonowo ankanunkha masese, ndipo ankawawasa kumapeto kwa lilime.

Lenah analawa, nkhope inasintha.

"Ayi," anatero m'Chingerezi, akuika sikono pansi. "Awa si a ku Malawi. Awa ndi a bambo awa. Anga simunawalawe."

Mlendoyo anati ndiye adzalawa liti. Lenah anati adzamva kwa Mayi Miriam. Pobwerera, m'matatu yonse mpaka ku Pangani, ankangong'ung'udza kuti munthu wamkulu wadya zinthu zimenezo n'kumaganiza kuti ndi manja a Lenah wa ku Chinamwali, ndipo mawa akauza Kasarani yense.

Atafika kunyumba, sutikesi inali pomwe paja, kukamwa kuli yasa. Reinford anaima pafupi nayo beseni lopanda kanthu lili m'manja. Sanayerekeze kufunsa. Lenah anamasula chitenje, anachikutumula fulawa, anayang'ana sutikesi kwa kanthawi. Kenako anachiponya m'beseni la zochapa.

"Muimbire mlamu wanu Vitus," anatero. "Akatsegule kabati ya kukhitchini kwathu, atenge zitini zanga za masikono, zonse, ndi kasefa kaja. Akapatse aliyense amene akubwera kuno. Amange bwino, zisapindike."

"Zibwere kuno?" anafunsa Reinford.

"Nanga ndikawotchera m'chipewa chanu? Ndipo mukapeze munthu alumikize paipi ya Mayi Miriam. Inu fulawa musadzamugwirenso mpaka kufa kwanu."

Anadumpha sutikesi n'kulowa kuchipinda. Reinford anatsala ataima, akuyang'ana kudenga kuti misozi ibwerere kumene yachokera. Posakhalitsa kuchipindako kunamveka mawu a Lenah.

"A Reinford."

"Amayi."

"Thaulo ili pabedili ndi la ndani?"

"Ndi langa, amayi," anayankha Reinford, ndipo anapita kukamva mlandu wake akuthamanga.