Mkamwini Woopa Chikuta

Mtsikana uja anafika pamudzi pathu Lachiwiri, tili mkati mokumba mbatata. Anatsika pa mota, njinga yamoto ija, ndi chikwama kumsana, nsapato zoyera mbee, ngati sanauzidwe kuti kuno kuseri kwa Fonte Boa dothi lake ndi katondo. Dzina akuti Verónica, wa ku univerisidadi. Ine nditangomuona ndinati uyu sanabwerere zabwino. Munthu wabwino sayenda ndi mapepala ochuluka chotere.

Anasonkhanitsa anyamata ndi atsikana pansi pa mtengo wa mapichesi wa mlongo wanga aHorácio, amene ndiwo mwinimbumba wathu. Ine sanandiitane, koma ndinapita.

"Ndabwera kudzayeza mantha," anatero.

"Mantha a chiyani, mwanawe?"

"A kubereka, agogo. Mafunso omwewa akufunsidwanso ku Brazil, ku Portugal ndi maiko ena. Tikufuna tione ngati achinyamata a kuno amaopa mofanana ndi a kumeneko."

"Muyeza ndi lata kapena ndi balansa? Nanga mukapeza kuti akuopa, mukawaberekera ndinu?"

Ana aja anaseka, iye osaseka. Kwathu kuno za kuchikuta sizikambidwa pabwalo. Mtsikana amauzidwa pa chisamba, mimba yoyamba itaoneka, anamkungwi atatseka chitseko. Mwamuna sauzidwa n'komwe. Ndiye uyu, amene mabere ake sanayamwitsepo, akufunsa ndi anyamata omwe! AHorácio anangoti, "Alongo, asekeretariyo a boma avomereza." AHorácio amavomereza chilichonse chokhala ndi chidindo.

Pa pepala lililonse panali mzere wautali ngati chikhatho. Kumanzere ndiye kopanda mantha, kumanja ndiye mantha oti munthu n'kudzikodzera. Aliyense ankapita payekha, kupatsidwa kaneta yolembera, n'kudula mzere uja pamene mtima wake wamuuza. Akuti n'chinsinsi. Ine ndinatenga lichero la nyemba n'kukakhala kuseri kwa nkhokwe, pamene pamaoneka bwino. Kuwerenga sindidziwa, koma maso ndili nawo.

Anabwera Zélia, mdzukulu wanga amene ndinamulera ndekha, ali ndi mimba yoyamba ya miyezi isanu ndi iwiri. Anadula pakati penipeni. Ndinati eya, magazi anga amenewo, kuopa pang'ono ngati munthu wanzeru.

Kenako anabwera mwamuna wake Kondani, mkamwini wochokera ku Lifidzi, amene analowa m'mudzi mwathu chaka chatha. Wolima ndithu, wosamwa, wosalankhula. Ine munthu wosalankhula sindimukhulupirira. Anagwira kaneta n'kuyenda nayo mpaka kumapeto kwa mzere, kumanja. Anadula mwamphamvu moti pepala linabooka. Verónica anamuyang'ana. Iye anadzuka osayang'ana munthu, n'kulowera kudimba.

Nyemba zinandigwa m'manja.

Mwamuna aopa chiyani pa kubereka? Msana ndi wake? Pali chinthu chimodzi chokha chimene chimanjenjemeretsa mwamuna mkazi wake ali ndi pakati, ndipo mwana wa Mchewa aliyense amachidziwa: mapinga. Mwamuna akayenda ndi akazi ena mkazi wake ali ndi mimba, mwana amapingika pa njira, satuluka mpaka wolakwayo aulule. Ndiye amene akudziwa zimene wachita, tsiku likamayandikira, mtima sukhala m'malo.

Ndinayamba kulumikiza. Lachisanu lililonse Kondani amapita ndi thumba la mbatata pa njinga ku msika wa Ulongwe. Anzake amabwerako dzuwa lili pamutu, iye litapendeka. Ndinafunsa mayi wina wogulitsa tomato kumeneko. Anati, "Mkamwini wanu? Ndamuona kawiri pa chipata cha chipatala akunong'onezana ndi mkazi wovala zoyera." Basi. Akale anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka.

Zélia ndinamuuza kumtsinje tikutsuka mbatata.

"Iwe, mwamuna wathu uja unaona pamene anadula?"

"Agogo, munkasuzumira?"

"Ndinkasankha nyemba. Wabooletsa pepala, mwanawe. Iwe mwini mimba wadula pakati, iye wopanda mimba kumapeto. Wamufunsa zimene amachedwera ku Ulongwe?"

Zélia anati Kondani sangatero. Koma madzulo ake sanamuikire madzi kubafa. Atamufunsa za mkazi wa zoyera, mwamuna uja anangoti, "Ndidzakuuza," n'kuwerama. Tsiku lachitatu Zélia anakulunga mphasa n'kubwera kudzagona m'nyumba mwanga. Sindikunama, ndinamva bwino. Ndinamuphikira mazira.

Verónica atabweranso kudzafunsa a kutsidya, ndinamudikira pa njira.

"Pepala la mkamwini wanga ndipatse, likakhale mboni pa mlandu."

Nkhope inamusintha. "Mlandu wanji, agogo? Mapepalawa alibe maina, ali ndi numero zokha. Mwadziwa bwanji zimene munthu wayankha?"

"Lobooka lija ndi lake."

"Agogo, amuna ambiri amaopa. Ngakhale kumaiko ena tikupeza choncho."

"Ndiye kuti amuna ndi achiwerewere dziko lonse. Zimenezo ukanandifunsa ine, osaononga mapepala."

Anakana nalo. Anapita kukadandaula kwa aHorácio kuti ndamuonongera ntchito. Ine ndinangoti, kubisa kumeneku pali chimene akudziwa.

Ankhoswe anakumana Lamulungu titaweruka ku Misa, pakhonde pa aHorácio. A kuchimuna anatumiza aBerta, mayi ake aang'ono a Kondani. Ine ndi aBerta tili ndi yathu yakale. Pa ukwati anauza anthu kuti thobwa langa linali losasa, atamwa zipanda zitatu. Anafika atavala kapulana yatsopano, chitenje chowala, ngati akubwera kudzavina.

"Asewere, mwatiitanira chiyani? Mbatata zatha kukumba kwanu kuno, kuti muzikumba anthu?"

"Khalani pansi asewere, mungagwe mukamva."

Ndinafotokoza zonse: mzere, kaneta, dzuwa lopendeka, mkazi wa zoyera. Ndinati aulule maina lero, timwetse Zélia mankhwala nthawi ikadalipo. Akakana, anyamule khasu lake ndi njinga yake azipita ku Lifidzi, mwanayo tilera tokha. Zélia anakhala pambali panga, maso ali pansi, akupotokola nsonga ya kapulana.

AHorácio anati, "Akondani, mwamva. N'zoona kuti mukuopa?"

"N'zoona, malume."

"Mukuopa chiyani?"

Kondani anayang'ana aBerta. ABerta anadzuka ndi liwiro. "Khala chete iwe! Utichititsa manyazi pamudzi pa eni."

Mtima wanga unavina. Ndinati apa ndagwira awiri, mwana ndi mayi wake yemwe.

Koma Kondani sanakhale chete. Analankhula motsitsa, akuyang'ana zala zake.

"Ndinali ndi mlongo wanga Estele. Mumadziwa kuti anamwalira, koma mmene anamwalirira simudziwa. Matenda anamuyamba m'mawa, anakhala m'chikuta tsiku lonse ndi usiku wonse. Ine ndinkamva ndili kukhola. Azimayi ankati tchula amuna ako. Iye ankati palibe. Ankati ndiye mwamuna wako aulule. Alamu analumbira kuti palibe. Azimayi anabwereranso kwa Estele. Mpaka iye anayamba kutchula ndi anthu akufa omwe, kuti amusiye. Mwana osabwera. Tsiku lachiwiri masana ndiye anati mangani ng'ombe. Woyendetsa ngolo ndinali ine. Pa dambo ngolo inatitimira m'matope, azimayi anatsika kuti akankhe, ine anati kwera umugwire mutu. Ndinaona zimene mwamuna saona. Anandifera pamiyendo, mwana ali m'mimba."

Kondani anapitiriza.

"Kwathu anandisambitsa mankhwala n'kundiletsa kunena, akuti mnyamata woona za kuchikuta palibe mudzi ungamulandire. Mkazi wa zoyera uja ndi enifermera, namwino wa pachipatala. Ndimakamufunsa za nyumba yodikirira, kuti Zélia akakhale pafupi ndi chipatala masiku asanakwane. Ndimaopa kunena chifukwa agogo analengeza kale kuti mdzukulu wao sakagona kuchipatala ngati wodwala, adzapita matenda akayamba. Kuchokera pano kukafika kumsewu pali madambo awiri, ndipo mvula idzakhala itayamba."

Zoti ndinalengeza n'zoona. Ndinalengezera pa maliro, kuti onse amve.

Ndinatembenukira kwa aBerta, chifukwa munthu sungangokhala. "Asewere, m'chikutamo munalimo?"

ABerta anayang'ana kumbali.

"Ndiye ndinu munkati tchula, tchula?"

"Inu simunanenepo?" anakuwa. "Inu aQuitéria, simunapanikizepo mwana wa munthu?"

Ndapanikizapo anayi. Atatu ali moyo. Koma mlandu sunali wa ine, ndiye ndinangokonza duku.

Zélia anadzuka. Mimba ija imamuvuta podzuka, koma sanafune dzanja langa. Anadutsa pakati pa ankhoswe n'kukakhala pansi pafupi ndi mwamuna wake, pamaso pa akulu, opanda manyazi. Ana a masiku ano.

AHorácio, amene chibadwire sanandigamulepo, anatsokomola n'kunena kuti woneneza munthu chigololo popanda umboni apepese ndi nkhuku. Anatinso Zélia apite kodikirira mwezi wachisanu ndi chinayi ukangoyamba. Nkhuku ndinapereka, thadzi lakale losiya kuikira, la diso limodzi. Kondani analilandira ndi manja awiri n'kunena zikomo. Chimenecho chinandiwawa kuposa chigamulo.

Tsiku lonyamuka ndinamanga mtolo wanga, poto, ufa ndi nkhuni, chifukwa wodikirira amapita ndi womusamalira. Zélia anaima pakhomo.

"Agogo, mutsale. Ndipita ndi amayi aBerta."

"Amene anapha Estele?"

"Iwo analira n'kunena kuti sadzabwerezanso. Inu simunanene kanthu."

Ndinamasula mtolo. Masabata atatu ndinadya ndekha, uku ndikumva kuti aBerta akuuza azimayi a kodikirira kuti mdzukulu wanga anandikana.

Uthenga woti Zélia matenda amuyamba unabwera pa telefoni ya Kondani m'mawa, mvula itagwa usiku wonse. Anabwera pakhomo panga ndi njinga. Sindinamupemphe.

"Agogo, kwerani."

Pa dambo loyamba tinatsika, madzi a m'maondo. Lachiwiri anandibereka kumsana, n'kubwereranso kukatenga njinga. Ndili kumsanako ndinayang'ana matope aja, ndinaganiza za ngolo. Sindinamuuze.

Kuchipatala anandiletsa kulowa, akuti womusamalira ndi mmodzi. Ndinakhala panja pa benchi ngati mwamuna, ine amene ndalandira ana khumi ndi awiri ndi manja angawa. Kondani anakhala pambali panga, mwendo ukugunda pansi osaleka.

"Leka kugwedeza benchi."

"Si ine ndekha, agogo."

Ndinayang'ana maondo anga. Ndinawaphimba ndi kapulana.

Dzuwa lisanafike pamutu anatuluka enifermera. Ndinamuyang'anitsitsa bwinobwino, chifukwa Kondani anati ndi yemwe uja wa pachipata: mayi wa imvi, wonenepa, wamkulu kuposa aBerta. Wa tomato uja ndidzaonana naye. Anati ndi mwana wamkazi, ndipo onse ali bwino. Kondani anagwada pasimenti n'kuyamba kulira mokweza anthu akuona. Ndinamuponyera duku langa kuti abise nkhope.

Mwana anabwera mosavuta, ndiye kuti mapinga panalibe. Ine mumtima ndinkadziwa kale, kungoti nkhani imafunika kuifufuza. Kondani akadali pamudzi pathu, chaka chino wakulitsa dimba. Lachisanu ndimayang'anabe dzuwa kuti wabwera nthawi yanji.

Verónica sanabwerenso. Anatumiza uthenga kwa aHorácio kuti mapepala a mudzi wathu anawachotsa onse, akuti chinsinsi chinaonongeka. Ndiye a ku Brazil sadzadziwa mmene timaopera kuno. Zao.

Mwanayo akufuna kumutcha Estele. Dzinalo sindikulikana. Chimene ndikukana n'choti aBerta akuuza anthu kuti analiganiza ndiwo, pamene ndinayamba kulitchula ndine, pabenchi paja. Ankhoswe akumana Lamulungu likubwerali, ndipo kapulana yanga ndachapa kale.